Thandizo la matenda a maganizo siliyambira ku Zomba

Pa mzere wa odwala pa chipatala chaching'ono sipalephera kukhala munthu amene amabwera mwezi ndi mwezi ndi dandaulo lomwelomwelo: mutu, mtima kuthamanga, thupi lonse kuphwanya, kutentha pa liwombo, tulo osabwera. Amamuyeza malungo, sapezeka nawo. Amamupatsa panado, n'kubwerera kwawo, pakatha milungu itatu uyo wabweranso. Mukatsegula kabuku kake ka kuchipatala mupeza masamba odzaza ndi mawu ofanana. Munthu wotere sakunama ndipo sakudzidwalitsa. Kawirikawiri chikumudya ndi maganizo, koma palibe amene anamufunsa, ndipo iyenso sadziwa kuti nkhani ya ngongole, ya banja kapena ya maliro ndi yoyenera kuuza adokotala.

Chimene chimatsekereza anthu ndi dzina la Zomba. Munthu ukamuuza kuti akaonane ndi namwino wa matenda a maganizo amayankha kuti, "Ine ndapenga ngati?" Komatu Zomba Mental Hospital ndi ya odwala amene afunika kugonekedwa zipatala zina zitakanika. Unyinji wa anthu ovutika maganizo safuna bedi. Amafuna wowamvetsera, mwina mapilitsi, ndi tsiku lobwereranso, ndipo izi zimapezeka kwaulere pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Pamene zinthu zimasokonekera ndi pawiri: mmene munthu wafotokozera vuto tsiku loyamba, ndi kusiya mankhwala panjira.

Kukhumudwa kumene ndi matenda

Aliyense amakhumudwa. Kumasanduka matenda kukakhala kwa tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, mpaka munthu kulephera ntchito zake. Zizindikiro zikuluzikulu ndi ziwiri: mtima kukhala wosweka nthawi zonse, ndi kusakomedwanso ndi zimene munthu ankazikonda. Mayi amene sankajomba ku kwaya wayamba kupereka zifukwa. Bambo amene sankaphonya Bullets ikamasewera ndi Wanderers akungoti tsekani wailesiyo. Kenaka pamabwera kudzidzimuka 3 koloko usiku tulo osabweranso, nsima kusalowa, kuonda, kuiwalaiwala, kudziona wachabechabe, ndi kulakalaka kufa. Amuna ambiri salira. Amapsa mtima msanga, amachedwa komwera mowa, amakhala duu pakhonde, ndipo pakhomo amangoti bambo masiku ano avuta.

Chisoni cha maliro n'chosiyana. Chimabwera n'kumapita, ndipo namfedwa akabwera anthu amatha kucheza, ngakhale kuseka pokumbukira malemu. Koma miyezi ikamapita munthu osatuluka m'nyumba, akudziimba mlandu wa imfayo, kapena akunena zoti awatsatire malemuwo, pamenepo si chisoni chokha.

Adokotala a pa chipatala cha boma amaona anthu ochuluka pa tsiku, ndiye mphindi zanu n'zowerengeka. Mukayamba ndi mutu mutuluka ndi panado. Yambani chonchi: "Adokotala, kwa miyezi iwiri sindikugona, ndikuganiza kwambiri, ntchito ikundikanika. Malungo andiyeza koma sanapezeke. Ndikufuna kuonana ndi a matenda a maganizo." M'zipatala zina akufunsani mafunso 9 otchedwa PHQ-9, amene alipo m'Chichewa, okhudza milungu iwiri yapitayo. Lomaliza ndi lofunsa ngati munaganizapo zoti kuli bwino kufa kapena zodzivulaza. Yankhani zoona, chifukwa yankho limeneli ndi limene limasonyeza ngati thandizo likufunika lero lomwe. Ngati akufuna kukuyezani magazi, shuga, BP kapena HIV musakane, pakuti kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro amafooketsa munthu mofanana ndi kukhumudwa.

Si aliyense wofunika mapilitsi. Kukhumudwa kukakhala kosazama, uphungu umakwanira, ndipo uphungu weniweni si kuuzidwa kuti limbani mtima. Njira imene inatchuka ndi Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ndipo inayesedwanso m'zipatala zina za kuno kwathu, imayenda motere. Mumatchula mavuto onse amene akukusowetsani tulo, mlangizi n'kumalemba. Mumasankhapo limodzi, osati lalikulu kuposa onse koma limene mungaligwire. Mumatchula njira zonse zolithetsera, ngakhale zooneka zopusa. Kenaka mumasankha chinthu chimodzi choti muchite mlungu uno, tsiku lake ndi ola lake, ndipo mlungu wamawa mumabwera kudzanena mmene zayendera. Ngati vuto ndi ngongole ya katapila, chochita cha mlungu woyamba chingakhale kulemba ngongole zonse pa pepala limodzi ndi kuuza akunyumba kwanu zoona. Chikuoneka chaching'ono, koma munthu wokhumudwa amaona mavuto ake onse atamangidwa mtolo umodzi wosasenzeka, ndipo ntchito ya uphungu ndi kumasula mtolowo.

Mapilitsi ndi mmene anthu amawasiyira

Mankhwala amene amapezeka kwambiri m'zipatala za boma ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Onse sagwira ntchito ngati panado. Kusintha kumayamba kumveka pakatha milungu iwiri mpaka inayi, pomwe zovuta zake zimabwera masiku oyambirira omwe. Apa ndi pamene ambiri amawataya: pakamwa pauma, kuchimbudzi kukuvuta, m'mawa thupi lili lolemera, koma mtima sunasinthe, ndiye munthu amati mankhwalawa sakundiyanja. Zovutazo zimachepa thupi likazolowera.

Amitriptyline amamwa usiku pogona chifukwa amagonetsa. Adokotala amayambira pa 25 mg n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo kwa wamkulu amene wakhumudwa kwambiri mlingo wochiza umakhala wokwera kuposa pamenepo, kawirikawiri 75 mg kupita m'tsogolo. Cholakwika chofala ndi kukhala pa 25 mg miyezi ndi miyezi chifukwa munthu sanabwererenso kukaonedwa: tulo akupeza, koma matenda ali pompo. Musakweze nokha, bwererani pa tsiku limene analemba m'kabuku. Amene ali ndi vuto la mtima anene asanapatsidwe. Ndiponso mankhwalawa akamwedwa ambiri nthawi imodzi amapha, choncho ngati wodwala anaganizapo zodzipha, mapilitsi asunge wachibale ndipo azimupatsa a tsiku limodzi basi.

Fluoxetine, kawirikawiri 20 mg, amamwa m'mawa, chifukwa usiku akhoza kuthawitsa tulo. Masiku oyamba amachititsa nseru ndi kusakhazikika. Kumwera pa phala kumathandiza. Ena amachepa chilakolako cha m'banja, ndipo poti amachita manyazi kunena, amangosiya mwakachetechete. Nenani, njira zina zilipo.

Mtima ukakhala m'malo, mankhwala amapitirira kwa miyezi 9 mpaka 12, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono mogwirizana ndi adokotala. Wosiya mwezi wachiwiri chifukwa "ndachira" ndi amene amabwereranso matenda atakula.

Pali funso limodzi loti muyankhe ngakhale asanakufunseni. Ngati munakhalapo masiku angapo osagona koma osatopa, mukuyankhula kwambiri, kumwaza ndalama, kudziona ngati munthu wamkulu wa mapulani osatha, auzeni. Amenewo akhoza kukhala matenda a bipolar, ndipo mapilitsi a kukhumudwa akamwedwa okha amatha kuwautsa.

Nkhawa, mantha ndi zimene munthu anaona

Nkhawa imakonda kudzionetsa m'thupi. Ena imawagwira mwadzidzidzi ali m'minibasi kapena m'tchalitchi: mtima kugunda, kubanika, thukuta, dzanzi m'zala, ndi kukhulupirira kuti akufa tsopano lino. Zimafika pachimake m'mphindi 10 ndipo kawirikawiri zimatha theka la ola lisanakwane. Koyamba pitani akakuyezeni mtima ndi BP, makamaka ngati ndinu wachikulire kapena pachifuwa pakupweteka. Akatsimikiza kuti mtima uli bwino, dziwani kuti chimene chimakulitsa vutoli ndi kupuma mothamanga. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, ndipo yesererani tsiku lililonse muli bwino kuti likadzafika tsikulo thupi lidzakhale likudziwa kale. Kuthawa malo amene zinakuchitikirani kumapatsa mpumulo wa lero, koma mantha amakula, mpaka munthu kuleka kupita kumsika. Chepetsani khofi, tiyi wowawa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija. Diazepam wogula pa okala musamuyandikire: amatonthoza msanga, koma pakangotha milungu yochepa thupi limamufuna, ndipo kumusiya kumasanduka matenda ena.

Amene anapulumuka namondwe Freddy mu March 2023, matope ochokera m'phiri la Soche atakokolola nyumba ku Chilobwe, ndi ena ku Mulanje ndi Phalombe, alipo amene mvula ikangoyamba kugunda pa malata sagonanso. Zimachitikiranso wogwiriridwa, wochita ngozi ya pamsewu, ndi wothyoleredwa nyumba ndi achifwamba. Maloto oipa, kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, kuona ngati zikuchitikanso: masiku oyamba n'zachibadwa, koma zikapitirira mwezi zikufunika uphungu. Achibale asamukakamize kufotokoza mobwerezabwereza kwa aliyense wobwera kudzazonda.

Mayi amene wangochira kumene amatha kulira popanda chifukwa cha m'ma tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndipo zimatha zokha milungu iwiri isanakwane. Zikapitirira, mayi osasangalala ndi mwana, akudziona wolephera, nenani kwa anamwino a ku sikelo. Koma ngati ali m'chikuta ndipo sakugona n'komwe, akuyankhula zosamveka, akuti mwanayo si wake kapena akumva mawu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo musamusiye yekha ndi khanda.

Munthu akasokonekera mutu

Pano pali kusiyanitsa kumene kumapulumutsa moyo. Munthu amene dzulo anali bwinobwino, lero sakudziwa kumene ali, thupi latentha, khosi lauma, akusinzasinza kapena wakomokapo, ameneyo musamuganizire misala. Akhoza kukhala malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, kapena kuvulala m'mutu. Kwa amene ali ndi HIV ndipo anasiya ma ARV, mutu wopweteka kwambiri pamodzi ndi kusokonekera ndi ngozi yeniyeni. Thamangirani naye ku chipatala chapafupi. Masiku amene mungataye kwa asing'anga kapena kumapemphero a usiku ndi amene angamuphe.

Matenda a misala enieni kawirikawiri amabwera mozemba, pa milungu kapena miyezi, makamaka kwa achinyamata ndi a zaka za m'ma 20. Munthu amadzipatula, amasiya kusamba, amaseka yekha, amakana chakudya poti mwathiramo mankhwala, amati wailesi ikunena za iye. Musatsutsane naye za mawu amene akumva, kwa iye ndi enieni, musavomerezenso. Nenani kuti, "Ine sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukusautsani. Tiyeni tikapeze thandizo kuti mugone." Ngati walusa, ayankhule munthu mmodzi amene amamumvera, motsitsa mawu, ataima chapatali osatseka khomo. Chotsani zikwanje ndi mipeni, balalitsani ana ndi anthu oonerera. Zingwe ndi unyolo zimadula mitsempha ya m'manja ndipo zimamutsimikizira kuti mulidi adani ake. Pakakhala chiopsezo cha moyo pemphani apolisi akuthandizeni kumufikitsa kuchipatala. Woperekeza akhale amene akudziwa pamene zinayambira, ngati amasuta chamba, ndi ngati ku mtundu kwawo kuli wina amene anadwalapo chonchi.

Mankhwala ofala ndi chlorpromazine ndi haloperidol. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuwa, ndiye wopita kumunda avale chipewa ndi malaya a manja aatali. Haloperidol amatha kupinda khosi, kutulutsa lilime, kutembenuzira maso m'mwamba, kunjenjemeretsa manja ndi kuyendetsa munthu mouma. Achibale akaona izi amati matenda akula kapena amulodzanso, n'kutaya mapilitsi. Ndi mphamvu ya mankhwala chabe, ndipo kuchipatala amaithetsa pochepetsa mlingo kapena kupereka benzhexol. Choopsa kwambiri ndi thupi kuuma pamodzi ndi kutentha kwambiri ndi kusokonekera. Pamenepo imitsani mankhwala ndipo pitani msanga. Kwa woiwalaiwala kapena wokana mapilitsi, funsani za jakisoni wa pamwezi, fluphenazine. Wodwala koyamba amapitiriza mankhwala kwa chaka chathunthu atachira, ndipo amene zabwerezabwereza amamwa zaka zambiri. Chamba chimadzutsanso matendawa ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika.

Ku kiliniki ya matenda a maganizo n'kumenenso amalandirira mankhwala a khunyu, ngakhale khunyu si misala ndipo silipatsirana. Amayi amene akumwa carbamazepine kapena phenobarbitone adziwe kuti amafooketsa mapilitsi olerera ndi njira yolerera yoika pa mkono, komanso amachepetsa mphamvu ya ma ARV a dolutegravir, choncho anamwino a mbali zonse adziwe zimene mukumwa. Sodium valproate amavulaza mwana m'mimba. Mayi wofuna kutenga pakati akambirane ndi adokotala, asasiye yekha.

Za mowa n'zachidule koma zofunika. Amene amamwa kachasu kapena timabotolo tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka atatsitsako, asasiye mwadzidzidzi ali kunyumba. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu akhoza kukomoka, kutuluka thukuta, kuona tizilombo pakhoma, ndipo ena amafa. Kusiya kotere kumachitikira kuchipatala, kumene amapereka mankhwala oletsa kukomoka ndi vitamini wa thiamine kwa masiku angapo.

Wina akanena zodzipha

Mawu oti "wonena sachita" apha anthu ambiri. Munthu akayamba kunena kuti "mudzandisamalire anawa", kugawa katundu, kutsanzika mosadziwika bwino, kapena kukhala phee mwadzidzidzi atavutika nthawi yaitali, mufunseni mosazungulira: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa nzeru yoipa, kumamupatsa mpata woyankhula. Akavomera, musamulalatire, musamuopseze ndi za kumoto, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Funsani ngati wakonza kale njira ndi tsiku. Chotsani mankhwala a mbewu, a makoswe, mapilitsi ndi zingwe, zikasungidwe kunyumba ina. Mphamvu ya ganizo limeneli nthawi zambiri imakhala ya kanthawi, makamaka munthu akaledzera kapena atangokangana, ndipo chida chikakhala patali nthawiyo imadutsa ali moyo. Asagone yekha, ndipo mupite naye kuchipatala osadikira Lolemba. Ngati wamwa kale chiphe, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Muvuleni zovala zimene zathirikira mankhwala, mugonekeni chammbali, tengani botolo kapena pepala lake kuti adokotala aone, nyamukani. Akatuluka m'chipatala, milungu yoyambirira ndi yofunika kumuyang'anira kwambiri.

Kolowera

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono. Funsani tsiku limene a matenda a maganizo ochokera ku chipatala chachikulu cha m'boma amabwera, chifukwa m'maboma ambiri amayendera zipatala zazing'ono, ngakhale ulendowo umalephereka galimoto ikasowa mafuta. Ngati simungadikire, pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulucho, kumene kumakhala anamwino kapena madokotala ophunzira za matendawa. Ku Blantyre, chipatala cha Gulupu chili ndi kiliniki yake. Ku Zomba Mental Hospital njira yabwino ndi kudzera pa chipatala cha m'boma lanu ndi kalata, osati kungonyamuka ndi wodwala pa basi. St John of God, ku Mzuzu ndi ku Area 43 ku Lilongwe, imagoneka odwala, imapereka uphungu ndiponso imathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Funsani za malipiro musananyamuke.

Pa foni, Chipatala Cha Pa Foni chimayankha kwaulere ndipo akhoza kukuuzani kolowera. Bungwe la YONECO lili ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi ndi 6600 ya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ngati gwero la vuto ndi nkhanza pakhomo, mapilitsi okha sangathetse kanthu: pitani ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku Chikwanekwane, malo othandizira ochitiridwa nkhanza, m'zipatala zimene zili ndi malowa. Wogwiriridwa afike pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Bungwe la MeHUCA limasonkhanitsa odwala ndi owasamalira, ndipo namwino angakuuzeni ngati kwanuko kuli gulu.

Za abusa, mashehe ndi asing'anga, kukangana ndi banja pa chikhulupiriro sikupindula. Pempherani, koma mapilitsi asatayidwe. Mtsogoleri amene akuuza wodwala kuti kumwa mankhwala n'kusowa chikhulupiriro, kapena womusalitsa kudya masiku ambiri, akumubwezera m'mbuyo. Ngati akumwa zitsamba, anamwino adziwe.

Chomaliza ndi kusowa kwa mankhwala, kumene kumachitika. Pitani kukatenga kukadali mlungu umodzi kuti anu athe. Lembani dzina la mankhwala ndi mlingo wake pa pepala lina kapena jambulani tsamba la m'kabuku pa foni, chifukwa "timapilitsi toyera tating'ono" sitithandiza aliyense kabuku kakanyowa. Akakuuzani kuti atha, musangotembenuka pa windo: bwererani kwa namwino amene anakulemberani akuuzeni ngati pali ena olowa m'malo, chipatala china chimene ali nawo, kapena akulembereni kalata yokagulira ku famase. Musagawane mapilitsi ndi mnzanu wa matenda ooneka ofanana, ndipo musawadule pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi. Amene akusamukira boma lina, kapena akutsika ku Joni kukasaka maganyu, atenge kabuku, kalata ya namwino yonena matenda ndi mankhwala, ndi mapilitsi okwanira kufikira atapeza kiliniki kumeneko.